Mmene Mungakonzekerere Mayeso a Unzika wa ku Britain

Mafunso ndi 24, nthawi ndi mphindi 45, ndipo kuti mukhoze muyenera kulondola 18. Malipiro ake ndi £50 ulendo uliwonse umene mwakhala pakompyuta paja. Amenewa ndiwo mayeso a Life in the UK, omwe boma la Britain linayamba kulembetsa mu 2005 kwa ofuna unzika, kenako mu 2007 n'kuwonjezerapo ofuna chilolezo chokhazikika, chija ambiri amangochitchula kuti ILR. Pongomva manambalawa munthu amaona ngati n'zamasewera. Kwa amene wawerenga bwino buku lake, n'zopepukadi. Koma amene amatulukamo nkhope zitagwa nthawi zambiri ndi anthu oti akhalitsa m'dzikomo, Chingerezi amachithyola bwinobwino, ndipo analowa m'chipindamo akudalira zaka zimene akhalako.

Mayesowa safunsa za moyo umene mukukhala. Mutha kukhala zaka 10 ku Leeds, basi iliyonse mukuidziwa nambala yake, council tax mukulipira mwezi ndi mwezi, ana anu akuyankhula ngati obadwira komweko, koma kuntchito palibe anakuuzanipo chaka chimene amayi anayamba kuvota, kapena kuti aphungu a nyumba ya malamulo ya ku Scotland alipo angati. Mafunso onse amachokera m'buku limodzi la boma. Choncho ntchito yanu ndi bukulo, ndipo pali kawerengedwe kamene kamapangitsa kuti zinthu zikhale m'mutu, pali kena kamene kamangotopetsa munthu.

Choyamba, onani ngati mukuyenera kulemba, ndiponso liti

Sikuti aliyense amalemba. Amene sanakwanitse zaka 18 salemba, amene ali ndi zaka 65 kupita m'tsogolo salembanso. Munthu wodwala matenda a mgonagona, a m'thupi kapena a m'maganizo, oti sangathe kuphunzira kapena kulemba mayeso, akhoza kupempha kuti amuchotsere, koma pamafunika fomu kapena kalata yochokera kwa dokotala. Zapakamwa sizigwira ntchito. Ndipo ngati munalemba kale pamene munkapempha ILR, sungani £50 yanuyo. Mukakhoza kamodzi mwakhoza basi, zotsatira zake sizitha ntchito.

Popeza sizitha ntchito, musadikire kuti nthawi yopempha ifike pakhomo. Lembani kudakali miyezi. Munthu amene akulemba visa itatsala milungu iwiri kuti ithe amalowa mtima uli m'mwamba, chifukwa akudziwa kuti akalakwa alibe kopumira. Amene walemba kudakali nthawi akalakwa amangotaya £50, n'kubwerera kukawerenganso.

Chachiwiri, nkhani ya Chingerezi ndi yapadera

Ambiri amadabwa akamva kuti Life in the UK si umboni wakuti amadziwa Chingerezi. Amenewo ndi mayeso ena, malo ena, ndalama zina. Pali mndandanda wa mayiko omwe nzika zake sizifunsidwa umboniwu, monga Jamaica, Canada, Australia ndi United States, koma palibe dziko la mu Africa ngakhale limodzi pamndandandawo. Zilibe kanthu kuti sukulu yonse munaphunzira m'Chingerezi. N'zowawa kumva, koma lamulo lili choncho.

Njira zilipo ziwiri. Ngati muli ndi digiri ya ku yunivesite ya ku Britain, satifiketi yakeyo ndi yokwanira. Ngati digiri munaitengera kunja koma inaphunzitsidwa m'Chingerezi, bungwe la Ecctis liyenera kuitsimikiza kaye, ndipo zimenezi zimatenga masiku ake, choncho yambani msanga. Ngati mulibe digiri, mukalembe mayeso oyankhula ndi kumvetsera kumalo ovomerezedwa ndi Home Office (unduna woona za olowa m'dziko ndi unzika), monga a Trinity College London, IELTS, LanguageCert kapena Pearson. Mlingo umene wakhala ukufunika pa unzika ndi B1, ndipo a Trinity a mlingo umenewu ndi kucheza ndi woyesa kwa mphindi 10 zokha. Chenjerani ndi zinthu ziwiri: mayesowo akhale a mtundu umene Home Office imavomereza, wotchedwa SELT, osati aliwonse okhala ndi dzina lofanana; ndipo zotsatira zake zimatha ntchito pakapita zaka 2. Pokhapokha ngati B1 yomweyo inalandiridwa pamene munkapempha ILR, ndiye kuti mutha kuigwiritsanso ntchito pa unzika ngakhale zaka ziwirizo zitadutsa.

Mu 2025 boma linalengeza kuti likufuna kukhwimitsa malamulo a kukhazikika, kuphatikizapo mlingo wa Chingerezi. Tsiku limene mukuyamba kukonzekera, tsegulani tsamba la boma la pa intaneti, gov.uk, muwerenge nokha zimene zikufunika panopa. Mnzanu amene anatenga unzika zaka zisanu zapitazo akuuzani zoona, koma zoona za nthawi yake.

Chachitatu, pezani buku lenilenilo

Dzina lake ndi Life in the United Kingdom: A Guide for New Residents, losindikizidwa ndi TSO m'malo mwa Home Office. Limene likugwira ntchito ndi lachitatu, lomwe linatuluka koyamba mu 2013. Yesetsani kupeza losindikizidwa posachedwa. Lobwereka kwa mlamu wanu, lomwe lakhala m'kabati zaka zambiri, mukapezamo Mfumukazi Elizabeth II adakali pampando ndiponso Britain idakali mu European Union, pamene dzikolo linatuluka mu 2020 ndipo Mfumukaziyo inamwalira mu 2022.

Mitu yake ndi isanu. Iwiri yoyamba ndi yaifupi: mfundo zimene dzikolo limati limayendera, ndi kuti UK n'chiyani kwenikweni. Wachitatu ndi mbiri yakale, wautali kuposa yonse. Wachinayi ndi wa zipembedzo, zikondwerero, masewera, zaluso ndi malo otchuka. Wachisanu ndi wa boma, malamulo ndi udindo wa nzika.

Ulendo woyamba liwerengeni lonse ngati mukuwerenga nthano, osaloweza kanthu, osagwira cholembera. Mawu ovuta muwayang'ane tanthauzo n'kupitirira. Cholinga ndi chakuti mudziwe kumene chinthu chilichonse chili. Bukulo limanena lokha kuti simukuyenera kuloweza masiku obadwa ndi omwalira a anthu otchulidwamo, choncho musadzivutitse nawo. Kumapeto kwa zigawo kuli timabokosi tokufunsani ngati mwamvetsa mfundo zakutizakuti. Timeneto musatidumphe pa ulendo wachiwiri.

Chachinayi, mbiri yakale: apa ndiye pagona nkhani

Apa ndi pamene ambiri amagwera mphwayi. Mayina a mafumu amafanana, a Henry okha alipo asanu ndi atatu, zaka nazo n'zambirimbiri. Munthu akayamba kuloweza chaka chilichonse pachokha, pakatha masiku atatu zonse zimasakanikirana. Zaka zili ngati mikanda: popanda ulusi zimamwazika. Ndiye pezani ulusi wake.

Tengani pepala lalikulu, mujambule mzere kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo pamwamba pake mulembe funso limodzi: mphamvu zili m'manja mwa ndani? Mbiri yambiri ya m'bukuli ikuyankha funso limeneli.

Mu 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa Harold pa nkhondo ya ku Hastings n'kutenga England. Nthawi imeneyo mawu a mfumu ndiwo anali lamulo. Mu 1215 akuluakulu a dziko anakakamiza Mfumu John kuvomereza chikalata cha Magna Carta, chonena kuti mfumu nayonso ili pansi pa lamulo. Lembani pamzere paja. Kenako bwerani kwa Henry VIII. Iyeyu ankafuna kusiya mkazi wake woyamba, Catherine wa ku Aragon, Papa anakana, iye n'kuchoka mu ulamuliro wa Roma n'kudziika kukhala mutu wa Church of England. Mukagwira mfundo imeneyi, zaka 150 zotsatira zimayenda zokha, chifukwa pafupifupi mkangano uliwonse ukukhudza Akatolika ndi Apulotesitanti. Pa ana ake amene analamulira motsatizana, Edward VI anali Mpulotesitanti, Mary anabwezeretsa Chikatolika, Elizabeth I anabwereranso ku Chipulotesitanti. Ndiye simudabwa kuti dziko la Spain, lachikatolika, linatumiza zombo zake zankhondo mu 1588, n'kugonja. Simudabwanso kuti mu 1605 kagulu ka Akatolika, Guy Fawkes ali momwemo, kanafuna kuphulitsa nyumba ya malamulo pa 5 Novembala. Makombola amene mumawamva akuphulika mumlengalenga chaka ndi chaka usiku wa tsiku limenelo akukumbukira zomwezo.

Elizabeth anamwalira mu 1603 wopanda mwana, ufumu n'kupita kwa James VI wa ku Scotland, amene ku England anakhala James I. Mwana wake Charles I ankakhulupirira kuti ufumu anapatsidwa ndi Mulungu ndipo sangafunsidwe ndi aphungu. Mapeto ake inali nkhondo yapachiweniweni kuyambira 1642, ndipo mu 1649 anamudula mutu. Dziko linakhala lopanda mfumu zaka 11, Oliver Cromwell n'kulamulira mpaka imfa yake mu 1658, ndipo mu 1660 aphungu anaitana Charles II kuti abwerere. M'nthawi yake munagwa mliri ku London mu 1665, moto waukulu mu 1666, ndipo mu 1679 anakhazikitsa lamulo la Habeas Corpus loletsa kusunga munthu m'ndende popanda kumutengera kukhothi. Mng'ono wake James II anali Mkatolika, akuluakulu anachita naye mantha, n'kuitana William wa ku Orange mu 1688, James n'kuthawa. Chaka chotsatira, 1689, Bill of Rights inatsimikiza kuti mfumu singalamulire popanda nyumba ya malamulo. James anayesa kubwerera kudzera ku Ireland, n'kugonja pa mtsinje wa Boyne mu 1690, ndipo n'chifukwa chake ku Northern Ireland kuli tchuthi mwezi wa Julayi.

Mwaona kuti mphamvu zachoka kwa mfumu zapita kwa aphungu. Funso lotsatira n'lakuti, nanga aphunguwo amasankhidwa ndi yani? Pitirizani mzere womwewo. Mu 1832 Reform Act inawonjezera ovota, koma anali amuna okhala ndi katundu. Mu 1918, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ikutha, amayi a zaka zoposa 30 analoledwa kuvota, pambuyo pa kulimbana kwa amayi monga Emmeline Pankhurst. Mu 1928 amayi anafanana ndi abambo pa zaka 21. Mu 1969 zaka zovotera zinatsika kufika 18. Zaka zitatu zomalizazi, 1918, 1928 ndi 1969, zilembeni ndi inki yofiira, chifukwa n'zosavuta kusokoneza, makamaka ziwiri zoyambazo.

Mzere wachiwiri ukhale wa mmene mayiko anayi anakhalira dziko limodzi. Wales inalumikizidwa ndi England m'nthawi ya Henry VIII. Scotland inayamba kukhala ndi mfumu imodzi ndi England mu 1603, koma nyumba za malamulo zinaphatikizana mu 1707. Ireland inalowa mu 1801, n'kugawanika mu 1922, zigawo zisanu ndi chimodzi za kumpoto n'kutsala mu UK. Pangano la mtendere la Good Friday linasainidwa mu 1998. Mukadziwa izi, funso la mbendera silikuvutaninso: pa Union Flag pali mitanda ya St George, St Andrew ndi St Patrick, koma chinjoka cha Wales palibe, chifukwa pamene mbendera yoyamba inkapangidwa mu 1606 Wales inali kale pamodzi ndi England.

Mzere wachitatu ndi waufupi, wa zaka za nkhondo yachiwiri ndi pambuyo pake. Pali akuluakulu atatu a mayina oyamba ndi B omwe amasokoneza anthu. William Beveridge analemba lipoti la 1942 lokhudza chisamaliro cha anthu ovutika. R. A. Butler ndi wa lamulo la maphunziro la 1944, lomwe linabweretsa sekondale yaulere ku England ndi Wales. Aneurin Bevan ndi nduna ya zaumoyo imene inakhazikitsa NHS, bungwe la zipatala za boma, mu 1948, m'boma la Clement Attlee. Ambiri a inu mukugwira ntchito mu NHS momwemo kapena m'nyumba zosamalira okalamba. Musalole kuti funso la Bevan likugwetseni.

Zina zonse, Aroma mu 43, khoma la Hadrian, nkhondo ya Bannockburn mu 1314, mliri wa 1348, nkhondo za Trafalgar mu 1805 ndi Waterloo mu 1815, kuletsedwa kwa malonda a akapolo mu 1807 ndi kumasulidwa kwa akapolo mu 1833, muzizikoleka m'mbali mwa mizere itatuyi pamalo pake. Pepalalo mulimate pakhoma pamene mumaliona tsiku ndi tsiku. Pakatha mlungu, litembenuzeni, mutenge pepala lina, mujambulenso kuchokera m'mutu. Pamene mwakakamira ndi pamene muyenera kuwerenganso.

Chachisanu, musaganize kuti England ndiye UK

Olemba mafunso amakonda kwambiri kusiyana kwa mayiko anayiwa, ndipo munthu wokhala ku England amayankha za England pa chilichonse. Great Britain ndi England, Scotland ndi Wales. Mukawonjezera Northern Ireland ndiye yakhala United Kingdom. Zilumba za Channel Islands ndi Isle of Man sizili mbali ya UK, ngakhale zili pansi pa mfumu.

Gawani pepala m'magawo anayi. M'gawo lililonse lembani likulu, woyera woyang'anira dziko ndi tsiku lake, ndi duwa lake. Wales: Cardiff, St David, 1 Marichi, daffodil. Northern Ireland: Belfast, St Patrick, 17 Marichi, shamrock. England: London, St George, 23 Epulo, rozi. Scotland: Edinburgh, St Andrew, 30 Novembala, thistle. Ndawandandalika motsatira kalendala dala, chifukwa kutero kumathandiza kukumbukira. Pansi pake onjezerani za malamulo. Scotland inasunga makhothi ake ndi mpingo wake mu 1707, n'chifukwa chake jury ya kumeneko, gulu la anthu wamba ogamula ngati munthu ndi wolakwa, imakhala ndi anthu 15 pamene kwina konse ndi 12, ndipo milandu ikuluikulu imene ku England imapita ku Crown Court, kumeneko imapita ku Sheriff Court kapena High Court. Nyumba ya malamulo ya ku Scotland ili ndi aphungu 129. Church of Scotland ndi ya Chipresibateriya, ndipo ku Wales ndi Northern Ireland kulibe mpingo wa boma.

Mutu wachisanu wonse muuwerenge mofatsa, chifukwa ndi umene udzakuthandizeni ngakhale mayeso atatha: kusiyana kwa House of Commons ndi House of Lords, ntchito ya Sipikala, zisankho zomwe ziyenera kuchitika pasanathe zaka 5, kusiyana kwa milandu yaupandu ndi milandu ya pakati pa anthu, nambala ya 999 kapena 112 pangozi ndi 101 pa nkhani ya apolisi yosafulumira.

Mutu wachinayi ulibe ulusi, tisanamizane. Ndi kuloweza basi. Mpikisano wa mahatchi wa Grand National umachitikira ku Aintree pafupi ndi Liverpool. London yachititsa masewera a Olympics katatu, mu 1908, 1948 ndi 2012. England inatenga chikho cha dziko lonse cha mpira mu 1966. Roger Bannister anathamanga mailo imodzi pasanathe mphindi 4 mu 1954. Alexander Fleming anatulukira penicillin mu 1928. Mutha kufunsa kuti kudziwa za mahatchi kukukhudzana bwanji ndi kukhala nzika yabwino, ndipo ine ndingakuvomerezeni. Koma funso la mahatchi lili ndi malikisi ofanana ndi funso la Magna Carta. Dulani timapepala, kutsogolo dzina, kumbuyo chimene munthuyo amadziwika nacho, muziyenda nato m'thumba.

Chachisanu ndi chimodzi, mafunso oyeserera abwere pambuyo

Pafoni pali mapulogalamu ambirimbiri a mafunso oyeserera, ena aulere. Ndi othandiza, koma ambiri amawagwiritsa ntchito mozondoka: amayamba ndi mafunso, buku osaligwira n'komwe, n'kumabwereza mpaka ataloweza kuti yankho la funso lakuti ndi lachitatu. Mafunso enieni a mayeso boma silimawatulutsa. Amene ali pafoniwo ndi ongoyerekeza, ena ndi akale, ena ali ndi mayankho olakwika. Tsiku lolemba mfundo yomweyo ikabwera itatembenuzidwa, woloweza mayankho amasowa pogwira.

Kachitidwe kabwino n'kotere. Mukamaliza kuwerenga mutu kachiwiri, yankhani mafunso a mutu umenewo. Funso lililonse limene mwalakwa, ndiponso limene mwalondola mongoganizira, tsegulani buku mupeze tsamba lake, muwerenge ndime yonse, mulembe mfundoyo m'kope. Kope limenelo ndilo mudzawerenge usiku womaliza, osati buku lonse. Pulogalamu ikasemphana ndi buku, tsatirani buku.

Zolowerani mitundu inayi ya mafunso. Pali losankha yankho limodzi mwa anayi. Pali lofunsa ngati chiganizo ndi choona kapena chabodza. Pali lokupatsani ziganizo ziwiri kuti musankhe cholondola. Ndiye pali lofuna mayankho awiri mwa anayi, ndipo limeneli ndi limene limadya anthu othamanga: asankha limodzi, adina kupita kutsogolo, funso lapita. Tiyerekeze akufunsani kuti musankhe mayiko awiri amene ali mu Great Britain, n'kukupatsani Wales, Northern Ireland, Scotland ndi Isle of Man. Munthu amene anagawa pepala lija sachedwa nalo. Amene akungokumbukira kuti Belfast ili mu UK amadina Northern Ireland.

Musalembetse tsiku chifukwa mwapeza 18 kamodzi. Dikirani mpaka muzipeza 22 kapena kuposa, mobwerezabwereza, pa mafunso oti simunawaonepo. Mantha a tsikulo amadya malikisi awiri kapena atatu, ndiye musiye malo ake.

Kwa munthu wapantchito, theka la ola tsiku lililonse kwa mwezi umodzi kapena umodzi ndi theka limaposa kukhala Lamlungu lonse ndi buku mutu ukuwawa. Ngati mumagwira mashifiti ausiku ndipo maso sakulolani kuwerenga, dzijambuleni mawu pafoni mukuwerenga mizere ija, muzimvetsera m'basi. Ngati muli ndi ana a kusukulu, apatseni timapepala tija akufunseni. Za Henry VIII ndi akazi ake asanu ndi mmodzi ambiri anaphunzira kale m'kalasi, ndipo amasangalala kukola makolo awo.

Chachisanu ndi chiwiri, kulembetsa

Lembetsani pa gov.uk pokha. Pali masamba ena a pa intaneti ooneka ngati a boma omwe amakulipiritsani zoonjezera pa ntchito yoti mukanachita nokha.  Pamafunika imelo, khadi yakubanki ndi chiphaso chovomerezeka, monga pasipoti imene sinathe ntchito. Muyenera kulembetsa kudakali masiku osachepera 3, ndipo malo olembera alipo oposa 30 m'dziko lonse.

Tsopano mvetserani bwino apa, chifukwa pali anthu amene amabwezedwa pakhomo asanaone n'komwe funso limodzi. Dzina limene mwalemba polembetsa lifanane ndendende ndi limene lili pachiphaso. Ngati pasipoti ili ndi mayina atatu, lembani onse atatu, m'kalembedwe komweko. Ngati munakwatiwa n'kusintha dzina koma pasipoti idakali ndi la kwanu, lembani la pasipoti. Dzina lachidule limene amakuitanirani kuntchito lisalowepo. Musanadine kulipira, ikani pasipoti pambali pa kompyuta, muyerekeze chilembo ndi chilembo, nambala ndi nambala, tsiku lobadwa lomwe. Akakubwezani chifukwa cha zimenezi, ndalama sabweza. Zikavuta kuti simutha kupita, sinthani kudakali maola 72. Mukachedwa, £50 yapita.

Ngati muli ndi ulumali kapena vuto lina lofuna thandizo lapadera, nenani polembetsa pomwepo, osati tsiku lolemba.

Tsiku lolemba

Tengani chiphaso chomwe chija munalembetsera, chenichenicho, osati fotokope kapena chithunzi cha pafoni. Fikani msanga. Ana kapena achibale saloledwa kulowa, choncho konzani kowasiya. Akakujambulani chithunzi, akakufunsani mafunso otsimikiza kuti ndinudi, ndipo foni, wotchi, chikwama ndi mapepala mukazisiya kunja kwa chipinda. Musakhumudwe akakuyang'anani m'makutu ndi m'manja mwa malaya. Amatero ndi aliyense, chifukwa alipo amene anayesapo kubera. Wina akakuuzani kuti akudziwa munthu wokulemberani kapena wokunong'onezani mayankho, muthaweni. Chinyengo chikapezeka, nkhani siithera pa mayeso. Imakalowa pa mbiri ya khalidwe lanu ku Home Office, ndipo pempho la unzika likhoza kukanidwa kwa zaka 10.

Mayeso enieni asanayambe pamakhala mafunso ochepa oyeserera kuti muzolowere kompyuta, sawerengedwa. Ngati kumva kumakuthandizani kuposa kuwerenga, pali mahedifoni omvetserera mafunso. Mphindi 45 pa mafunso 24 ndi nthawi yambiri, pafupifupi mphindi ziwiri pa funso. Werengani funso lililonse kawiri, muone ngati likufuna yankho limodzi kapena awiri, ndiponso ngati muli mawu okana. Lovuta liikeni chizindikiro mudzalibwerere. Musasiye funso losayankha, chifukwa kulakwa sikuchotsetsa malikisi. Chotsani mayankho amene mukudziwa kuti si oona, musankhe mwa otsalawo. Anzanu akamadzuka n'kumatuluka, asiyeni apite.

Mukakhoza mumalandira nambala yapadera imene mudzailembe pa fomu ya unzika kapena ya ILR. Isungeni malo awiri. Mukalakwa mutha kulembetsanso kangati konse, koma mukulipira ulendo uliwonse. Mukangotuluka, mutu udakali wotentha, lembani mitu ya mafunso amene anakuvutani, chifukwa pofika mawa mudzakhala mutaiwala.

Mukakhoza, werengani masiku musanatumize fomu

Mayeso ndi £50, koma pempho la unzika ndi ndalama zoposa £1,500, ndipo akakukanani zambiri mwa ndalamazo sizibwerera. Choncho musathamange ndi chimwemwe cha kukhoza. Panjira yodziwika kwambiri, muyenera kukhala mutakhala mu UK zaka 5, mutakhala ndi ILR miyezi 12, osakhala kunja masiku oposa 450 m'zaka zisanuzo, ndiponso osaposa 90 m'miyezi 12 yomaliza. Ngati mwamuna kapena mkazi wanu ndi nzika ya Britain, zaka ndi 3, masiku ndi 270, ndipo simudikira miyezi 12 ija mukalandira ILR.

Masikuwa awerengeni ndi cholembera, osati m'mutu. Zidindo za m'pasipoti sizikwanira, chifukwa si ulendo uliwonse umene amadinda. Fufuzani maimelo a matikiti a ndege, mulembe tsiku lonyamuka ndi lobwerera la ulendo uliwonse, ngakhale wa kumapeto kwa mlungu. Tsiku lonyamuka ndi tsiku lofika saliwerengera, amawerenga masiku athunthu amene munali kunja. Ulendo wa kumaliro umene unatalika, tchuthi cha Disembala, ulendo wa kuntchito, mukaphatikiza mumapeza kuti masiku achuluka kuposa mmene mumaganizira.

Pali msampha wina umene ambiri saudziwa. Muyenera kukhala munali mu UK, thupi lanu lenilenilo, tsiku ngati lomwelo zaka 5 zapitazo kuchokera pa tsiku limene Home Office yalandira pempho lanu, kapena zaka 3 kwa okwatirana ndi nzika. Ngati mwezi wonse wa Ogasiti zaka zisanu zapitazo munali kunja, musatumize fomu mu Ogasiti. Dikirani lidutse tsiku limene munabwerera.

Mudzafunikanso anthu awiri okuchitirani umboni, oti akudziwani zaka zosachepera 3 ndipo si achibale anu. Pa fomu nenani zonse zokhudza milandu, ngakhale ya pamsewu. Kubisa kumawononga kuposa mlanduwo. Britain imalola munthu kukhala nzika ya mayiko awiri, koma funsani ku ofesi ya kazembe wa dziko lanu lobadwira kuti lamulo lawo likuti chiyani ndipo pali zoti mulembetse kapena ayi.

Akakuvomerani, mumaitanidwa ku mwambo wolumbira womwe amakonza ndi a khonsolo ya dera lanu, ndipo muyenera kuchita zimenezi pasanathe miyezi 3 chilandirireni kalata. Kumeneko mumalumbira kukhala wokhulupirika kwa Mfumu Charles III, potchula Mulungu kapena osatchula, mmene mwasankhira, n'kulandira satifiketi. Satifiketiyo si chiphaso choyendera, ndipo simungalowe nayo m'dziko pabwalo la ndege. Pasipoti ya Britain mumapempha padera, ndi ndalama zake, ndipo yoyamba imatenga milungu ingapo. Ngati muli ndi ulendo pafupi, musagule tikiti mpaka pasipotiyo itafika m'manja.